Bawuti ya sampu ya Land Rover yakale yakana kumasuka, mutu watha

Wa Land Rover ku Ngabu
Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Land Rover yakale, Series IIA ya 1966, yaifupi ija ya mainchesi 88, injini ya petulo. Inali ya malemu atsibweni anga. Chiimireni pansi pa nimu kuseri kwa nyumba kuyambira nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, ndiye abale agwirizana kuti ndiidzutse izitithandiza kututa thonje ndi mapira kumunda. Ndisanailize ndimafuna ndikhuthule kaye oyilo wakale, koma bawuti yotulutsira oyilo pa sampu, chitini chija chosunga oyilo pansi pa injini, yakana. Mnyamata wokonza njinga zamoto pano anayesa ndi shifting, inaterereka mpaka makona onse atha, mutu wangoti see. Sipanala iliyonse ikungozungulira. Nditani?

Makaniko wa pa Dyeratu
Choyamba muuzeni mnyamatayo aike shifting pansi abwerere ku njinga zake. Kenako tiuzeni bwino. Watha ndi mutu wokha koma bawuti ili gwa, kapena bawuti yonse ikuzungulira koma osatuluka? Amenewo ndi matenda awiri osiyana.

Wa Land Rover ku Ngabu
Ili gwa achimwene. Sinasunthe ngakhale pang'ono.

Wa kabaza wa pa Miseu Folo
Lizani injini itenthe kaye bigi, chitsulo chikatentha chimamasuka chokha. Ife timatero.

Madala a pa Nchalo
Ayi mwana wanga, iyi musailize. Nzeru yotenthetsa injini ndi yabwino pa galimoto imene dzulo inali pamsewu. Iyi yagona zaka, ndipo sitikudziwa kuti m'sampu muli chiyani. Eni ake, madzi a Freddy anafika pati pa galimotoyo? Zulani kachitsulo koonera oyilo, mupukute, mubwezere, muzulenso. Mutiuze mtundu wake, kuti wafika pati, komanso mununkhize.

Wa Land Rover ku Ngabu
Madzi anadutsa pakhomo, anafika cha m'ma hub mwa mateyala n'kupitirira pang'ono, anatero amene analipo. Ndayang'ana kachitsulo kaja madala. Oyilo wapitirira mzere wa pamwamba, ndipo kunsonga kuli zotuwa ngati tiyi wamkaka. Fungo la petulo likumvekanso, ngakhale si kwambiri.

Madala a pa Nchalo
Basi ndi zimene ndimaopa. Muli madzi. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, amakakhala pansi penipeni pomwe pali bawutiyo, ndiye mazinga akhala akudya dzimbiri nthawi yonseyi. N'chifukwa chake yagwira chonchi. Mukanailiza, pampu ikanayamba kukoka madziwo ndi matope kupita nawo ku ma bearing, lero tikanakhala tikukamba zobweza crankshaft ku Blantyre.

Za fungo la petulo nazonso musazitaye. Injini zimenezi zili ndi kapampu ka petulo m'mbali mwa block, koyendetsedwa ndi camshaft. Kachikopa ka m'kati mwake kakang'ambika, petulo amatsikira m'sampu. Sungani mawu amenewa chifukwa posachedwa wina abwera kudzanena zowotcherera.

Wowotcherera wa pa Bangula
Hahaha madala mwandiona ndikulemba eti. Komatu zoona n'zakuti njira imene siphonya ndi yowotcherera nati yaikulu pamutu wathawo. Mumatenga nati imene bowo lake likukwana pamutupo, n'kudzaza m'katimo. Mumapeza makona atsopano, komanso kutentha kuja kumathyola dzimbiri la m'mazinga. Ikazizira pang'ono imamasuka ndi dzanja limodzi. Ndachita zimenezi pa mathirakitala ndi malole a mchenga.

Aphunzitsi a ku Livunzu
Pansi pa galimoto, m'kati muli oyilo wosakanikirana ndi petulo? Ndipo pa Land Rover yaifupi thanki ya petulo ili pansi pa mpando wa dalaivala, pafupi pomwepo. Akulu inu mukufuna tisonkhe ya maliro.

Wowotcherera wa pa Bangula
Aphunzitsi sindinamalize. Pa galimoto imene oyilo wake ndi oyilo chabe, wodzaza bwino, ndimawotcherera pang'onopang'ono, kadontho n'kuima, kadontho n'kuima, ndowa ya mchenga ili pambali. Koma pamene pamveka petulo sindigwirapo, mpweya wa m'katimo ndi umene umaphulika. Apa ndavomera. Chinanso, musanandiitane muyese kaye ndi maginito. Mabawuti ena otulutsira oyilo pa Land Rover zakale ndi a brass, achikasu mukawapala. Amenewo rodi yathu ya masiku onse siigwira.

Makaniko wa pa Dyeratu
Maginito tengani a sipika yakufa. Ikakhala ya brass musasangalale kapena kudandaula: ndi yofewa, tupa imadya msanga, komanso ikhoza kuphwanyika mukaimenya mopusa.

Madala a pa Nchalo
Ndinene za chimene chimapha mabawuti a galimoto zimenezi, poti achinyamata ambiri pano anabadwa atayamba kale mamilimita. Galimotoyi inapangidwa ku Solihull, ku England, nthawi imene kumeneko ankayeza ndi mainchesi. Mabawuti ambiri a injini amafuna masipanala a mainchesi otchedwa AF, ena makamaka a ku gearbox ndi ma axle ndi a muyezo wakale wa ku England wotchedwa Whitworth. Sipanala ya 1/2 inchi ndi mamilimita 12.7, inu mukaikapo 13 imalowa koma ikugwedera. Ya 9/16 ndi 14.3, ndiye 14 sikwana, 15 ikhwepa. Ya 13/16 ndi 20.6, anthu amaikapo 21. Kampata kakang'onoko ndi kamene kamadya makona bawuti ikalimba. Whitworth ndiye imasokoneza zedi, chifukwa nambala yolembedwa pa sipanala ikunena kunenepa kwa thupi la bawuti, osati mutu. Injini za malita 2.25 ngati yanuyi zinadzayamba kukhala ndi mazinga a mamilimita cha m'ma 1980, pamene anabweretsa ya ma main bearing asanu. Yanuyo ndi ya atatu, pokhapokha ngati wina anasinthapo injini.

Ndiye shifting ndi yoipa kuposa zonsezi. Imagwira mbali ziwiri zokha, ndipo kamano kake kamatseguka mukamakoka.

Wa ku Joni
Kuno kuli masoketi opangidwira ntchito yomweyi, m'kati mwake muli mano opindika amene amaluma kwambiri pamene mukumasula. Mumangoikhomera ndi hamala. Ndikhoza kutumiza pa basi mwezi ukatha.

Mayi a geni ya chitowe
Mwezi ukatha thonje likhala litagulidwa kale alamu. Apatseni nzeru za zida zimene zikupezeka pa Ngabu lero.

Makaniko wa pa Dyeratu
Chabwino, za lero. Galimotoyo ndi yaitali, jeke siyofunika, koma ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa mateyala. Handbrake ya Land Rover imagwira pa drum ya kuseri kwa transfer box, osati kumateyala, ndiye itakhala zaka musaikhulupirire.

Tsukani malo onse ozungulira bawutiyo ndi parafini ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chioneke. Thirani mankhwala omasulira dzimbiri, WD-40 kapena ena alionse, ngakhale kunena zoona apa sathandiza kwambiri chifukwa washala watseka njira. Chimene chimathandiza ndi kumenya. Tengani hamala yapakatikati, menyani pamutu pa bawuti molunjika, mobwerezabwereza koma osati mwaukali. Sampu ndi lata lopindidwa, mukalimenya ngati mukuswa mwala lilowa m'kati.

Mukatero tengani tupa, palani mbali ziwiri zoyang'anizana mpaka zikhale zathyathyathya. Musathamange, apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Ndiye mugwire ndi bobojani, ija ya okonza mipope. Mano ake amaluma kwambiri mukamakoka, bola muiike moyang'ana mbali yoyenera, kukamwa kwake kuloze kumene mukukokera. Vice grip imathanso koma zambiri za m'misikamu n'zofewa mano.

Aphunzitsi a ku Livunzu
Muonjezerepo za mbali yomasulira. Anthu ambiri amalimbitsa akuganiza kuti akumasula.

Makaniko wa pa Dyeratu
Eya. Gonani pansi muyang'anizane ndi mutu wa bawuti maso ndi maso. Imamasuka motsutsana ndi mmene muvi wa wotchi umayendera. Amene amasokonezeka ndi uja wagwada pambali n'kungopisa dzanja osaona. Sindingadabwe kumva kuti mnyamata uja amaimanga.

Wa kabaza wa pa Miseu Folo
Bwanji osangotenga tchizulo ndi hamala? Kudula kamphako m'mphepete n'kumamenya mozungulitsa. Mphindi ziwiri yatuluka.

Madala a pa Nchalo
Imagwira ntchito, sindikana, koma ikhale yomalizira. Tchizulo chikaterereka chimaboola sampu kapena kudula pamene washala amakhala, ndiye mudzalira ndi kudontha mpaka kalekale. Chimene ndikuletseratu ndi kuboola ndi dirilo n'kulowetsamo easy-out, kachitsulo kozulira mabawuti othyoka, galimoto ili chiimire. Tizitsulo timagwera m'kati, ndipo easy-out ikathyokera momwemo ndi yolimba kuposa dirilo iliyonse imene mungaipeze kuno.

Koma ine maganizo anga enieni ndi ena. Bwanji tikulimbana ndi bawutiyi chagada, fumbi likugwera m'maso, kutentha kwa Ngabu kuli pamsana? Sampu ya galimotoyi imatsika injini ili pomwepo. Ndi mabawuti ang'onoang'ono ozungulira m'mphepete basi. Popeza mwalowa madzi, iyenera kutsika ndithu kuti muchotse matope ndi kutsuka sefa ya pampu. Mukaitsitsa, bawuti ija mukaimasulira pa benchi, mukuiona mbali zonse, ndipo mukaitsuka bwino wa ku Bangula akhoza kuwotcherera mmene angafunire popanda mantha.

Makaniko wa pa Dyeratu
Madala mukunena zoona, koma kutsitsa sampu yodzaza si masewera. Muli malita oposa 6, kuphatikiza madziwo. Ikapendekeka pang'ono munthu wasamba. Ayese kaye bobojani, ikatuluka akhuthule bwinobwino, kenako atsitse yopanda kanthu.

Madala a pa Nchalo
Pamenepo tagwirizana. Ikakana, alowetse kapaipi kakang'ono pa bowo la kachitsulo koonera oyilo, akoke ndi jekeseni yaikulu ija ya ng'ombe mpaka achepe. Osakoka ndi pakamwa ngati mukuba dizilo. Kenako thabwa pansi pa sampu, jeke pansi pa thabwa, mabawuti a m'makona amasulidwe pomaliza.

Wa malole a nzimbe
Ine ndingofunsa, kodi zonsezi n'zachiyani? Galimoto ya 1966, yamwa madzi, imamwa petulo ngati ilibe chisoni, mafuta ake mmene akuvutiramu. Gulitsani kwa osula mapoto, bodi yake ndi aluminiyamu, mupeza ndalama yogulira ngolo ndi ng'ombe ziwiri pa msika wa Ngabu pomwepo. Ngolo sifuna bawuti ya sampu.

Wa Land Rover ku Ngabu
Akulu, ngolo tili nayo. Koma mvula ikagwa kumunda kwathu dothi lake lamakande lija, ngakhale ng'ombe zimakana. Komanso galimotoyi ndi imene inkanyamula odwala m'mudzi muno usiku. Amayi anga atamva zoti yapita kukasanduka mapoto sangandilankhulenso.

Aphunzitsi a ku Livunzu
Musagulitse. Kuno ku East Bank nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza mchenga pamsewu wochokera pa Thabwa, ndi galimoto zotere zimene zimadutsa. Chofunika muone chassis, chifukwa bodi sichita dzimbiri koma chassis ndi chitsulo wamba. Gogodani ndi hamala, makamaka kumbuyo ndi pamene pagwira masipuling'i.

Admin
Za kugulitsa zithere pomwepo chonde. Funso ndi la bawuti.

Mayi a geni ya chitowe
Musanagone pansipo muyambe mwagogoda ndi ndodo. Galimoto yokhalitsa pansi pa mtengo kuno ndi nyumba ya zinkhanira ndi njoka. Ndipo mugwire m'mamawa, dzuwa la masana lino chitsulo sichigwirika.

Wa Land Rover ku Ngabu
Takhuta nonse. Ndiyesa mawa kukacha.

Wa Land Rover ku Ngabu
Mwadzuka bwanji akuluakulu. Njoka munalibe mayi, koma mavu anamanga kuseri kwa gearbox, tayamba ndi amenewo. Maginito agwira, ndi yachitsulo. Ndatsuka, ndamenya, ndapala mbali ziwiri monga munanenera, ndabwereka bobojani kwa wokonza mijigo. Ndi dzanja lokha inakana, nditaonjezera kapaipi kumchira inalira kuti kwee n'kusuntha. Panayamba kudontha madzi ofiirira, oyilo ayi. Koma tsopano vuto lina. Ikuzungulira mopepuka, ndazungulitsa mpaka dzanja kutopa, siikutuluka. Kubwezanso sikulimba.

Makaniko wa pa Dyeratu
Mwachoka pa matenda oyamba mwalowa achiwiri aja. Mazinga atha. Mwina a bawuti, mwina a sampu, mwina onse. Imani kaye, musazungulitsenso chabe chifukwa mukupera otsalawo.

Pansi pa mutu pali kampata? Lowetsanipo sikuludiraiva yaikulu yathyathyathya, kapena tchizulo chopyapyala, pakati pa washala ndi sampu. Muzikanula kuti bawuti izikankhidwira kunja, uku dzanja lina likumasula pang'onopang'ono. Cholinga n'chakuti mazinga amene atsala kumapeto kwa bawuti akumane ndi amene atsala m'bowo, agwirane. Ndi bwino mukhale awiri, wina akanule wina azungulitse. Mpata ukamakula muziikapo chokanulira chonenepa. Beseni likhale pafupi chifukwa ikamatuluka sichenjeza.

Madala a pa Nchalo
Ndipo muyang'anitsitse ngati chikuzungulira ndi bawuti yokha. Pa sampu pamakhala kachitsulo konenepa kowotchereredwa kamene kali ndi mazinga. Nthawi zina kamathothoka n'kumazungulira limodzi ndi bawuti. Zikakhala choncho kukanula sikuthandiza, tsitsani sampu basi. Ndipo pokanula tsamirani pa kachitsulo kena kathyathyathya, osati pa lata la sampu.

Wa kabaza wa pa Miseu Folo
Bigi kokani ndi vice grip mwamphamvu ingozuka.

Makaniko wa pa Dyeratu
Kukoka uku akuzungulitsa, eya, n'chimodzimodzi. Kuzula ngati dzino ayi.

Wa Land Rover ku Ngabu
Yatuluka! Mphwanga amakanula ine ndikuzungulitsa, kenako ndinamva yagwira, n'kuyamba kubwera. Anayamba ndi madzi, kenako zotuwa zija, kumapeto oyilo wakuda bii wokhala ndi mabulumwa. Beseni losambira ladzaza. Koma taonani chithunzi ndatumizachi. Mazinga apakati aphwanyika onse, muli zoyera ngati tepi ya mipope, ndi zina zolimba zotuwa zomatirira. Mawashala ndi awiri, onse achitsulo. Nditapukuta pamutu pakuoneka nambala, 8.8.

Makaniko wa pa Dyeratu
Hahahaha madala bwerani mudzaone. 8.8 ndi chizindikiro cha bawuti ya mamilimita. Phunziro lonse la mainchesi lija, pomwe sipanala wamba ikanakwana bwinobwino.

Madala a pa Nchalo
Sekani, koma phunzirolo alifuna lero lomwe pa mabawuti a m'mphepete mwa sampu. Ndipo chithunzichi chikufotokoza nkhani yonse. Iyi si bawuti ya sampu n'komwe, ndi bawuti wamba yodulidwa. Yeniyeni inatayika kapena inatha, wina anatenga ya mamilimita yoyandikira kukula n'kuikakamiza m'bowo la mainchesi. Mazinga osiyana amalowa kawiri katatu kenako amayamba kudulana. Itayamba kudontha anakulunga tepi, itapitiriza anamata guluu wa zitsulo uja wosakaniza, n'kumanga ndi mphamvu zonse. Washala wachitsulo satseka oyilo, n'chifukwa chake ankangoonjezera kumanga. Dzimbiri linangodzamaliza.

Wa Land Rover ku Ngabu
Ndiye pamenepa ndigule bawuti ina yonenepa pang'ono?

Wa ku Joni
Njira zilipo zingapo. Kuli mabawuti a oversize amene amadula okha mazinga polowa. Kuli Helicoil, kawaya kopota kamene mumalowetsa mutaboola ndi kudula mazinga atsopano. Kapena tapu yokulirapo, yodulira mazinga atsopano, ndi bawuti yake. Apo ayi sampu ina, kuno zakale zotere zimapezeka kwa ophwasula.

Makaniko wa pa Dyeratu
Oversize yodula yokha ine ndimaikana. Ikalowa mopendama ndiye kuti washala sakhala bwino, ndipo bowolo laonongeka kale kawiri. Helicoil ndi yabwino pa sampu ya aluminiyamu yonenepa, monga za galimoto zatsopanozi, koma kiti yake muipeza kuti kuno? Mpaka mukwere Thabwa kukasaka ku Limbe kapena ku Ginnery Corner, mwinanso osaipeza saizi yake. Sampu yanu ndi yachitsulo. Mwayi wake ndi umenewo, imawotchereka.

Wowotcherera wa pa Bangula
Tsopano nkhani yafika kwathu. Tsitsani sampu, muitsuke ndi parafini, kenako madzi otentha ndi sopo wa ufa, iume padzuwa mpaka fungo lithe. Mukabwera nayo yonona ndikubwezani.

Ndimachita chonchi. Ndimasankha kaye bawuti ya sampu yeniyeni imene imapezeka paliponse, ndi nati ya mazinga ofanana nayo. Natiyo ndimaiwotcherera kunja, pa bowo lakale. Kunja, osati m'kati, chifukwa ikakhala m'kati imapanga kakhoma, oyilo wakuda wa pansi satuluka yense. Powotcherera ndimamangamo bawuti ina yachabe kuti timadontho ta moto tisagwere m'mazinga komanso nati isapindike. Ndimazungulira monse osasiya kabowo. Lata la sampu ndi lopyapyala, ndiye gasi ndi amene amachita bwino. Pa magetsi pamafunika rodi yaing'ono, 2.5, moto wotsika, apo ayi mumaboola.

Ikazizira, nkhope ya nati ipalidwe ndi tupa mpaka isalale ndi kulungama, chifukwa chimene chimatseka oyilo ndi washala pa nkhopeyo, mazinga ntchito yawo ndi kukoka chabe. Pomaliza ndimamanga bawuti, kupaka choko kunja mozungulira, kuthira parafini m'kati n'kuisiya. Parafini amadutsa pamene oyilo sangadutse. Choko chikada, pali kabowo, ndibwerezenso.

Makaniko wa pa Dyeratu
Ikani ya Toyota, M12 x 1.25, ndiye kuti yonenepa mamilimita 12, mazinga ake otalikirana mamilimita 1.25. Shopu iliyonse ya zida pa Nchalo, pa Ngabu, pa Dyeratu pano ili nayo ndi mawashala ake. Ikadzatayika simudzavutika.

Madala a pa Nchalo
Yachepa imeneyo. Injini iyi imamwa 20W-50, oyilo wolemera, ndipo imasunga zinyalala zambiri. Bowo laling'ono limatuluka mochedwa n'kusiya matope. Ine ndingakonde M14 x 1.5 kapena kuposa. Komanso nati ya 1.25 pa M12 si iliyonse, zambiri za m'mahadiweya ndi 1.75. Mukasokoneza pamenepo mwabwerera pomwe munayambira.

Makaniko wa pa Dyeratu
Ndiye agule bawuti ndi nati tsiku limodzi, aziyese ndi zala pa kauntala pomwepo. Ilowe mpaka kumapeto popanda sipanala. Za kuchedwa kutuluka, madala, kuno oyilo amakhala wopyapyala kale ndi dzuwa.

Wowotcherera wa pa Bangula
Zonse ziwiri ndimaika. Chimene chingatsogolere ndi kukula kwa bowo lakale. Likakhala lalikulu kuposa nati ya M12, pafunika kachigamba, ndiye bola yaikuluyo.

Aphunzitsi a ku Livunzu
Funso langa ndi gasiketi. Akatsitsa sampu yakaleyo ing'ambika. Ya galimoto ya 1966 aipeza kuti?

Madala a pa Nchalo
Adula yekha. Agule pepala la gasiketi kapena cork, aike sampu chafufumimba pamwamba pake, ajambule, adule. Mabowo a mabawuti amatuluka bwino mukagogoda pang'onopang'ono ndi mutu wozungulira wa hamala, pepala lili pa sampu. Asanatero ayang'ane mlomo wa sampu. Pamabowo pamakhala potukuka chifukwa cha kumangitsa, awongole pa chitsulo chathyathyathya. Silikoni apake wochepa kwambiri. Wochuluka amafinyikira m'kati, n'kuduka, n'kukatseka sefa ya pampu. Pomanga ayambe ndi zala mabawuti onse, kenako azimanga modumphadumpha, uku ndi uku, osafinya mpaka gasiketi kutuluka m'mbali.

Washala wa bawuti yatsopano akhale wa kopa. Wa kopa ngakhale wakale amabwerera: muotcheni pa makala mpaka afiire, mumuponye m'madzi, amafewa n'kugwiranso ntchito. Wa aluminiyamu ndi wa kamodzi.

Wa malole a nzimbe
Nanga kumanga kwake? Poti vuto lonseli layamba ndi kumangitsa.

Makaniko wa pa Dyeratu
Mabawuti a saizi imeneyi amafuna pakati pa 30 ndi 40 Nm. Wopanda torque wrench, sipanala yoyezera mphamvu imeneyi, alowetse ndi zala mpaka washala akhudze, kenako sipanala ya ring yaifupi, dzanja limodzi, mpaka amve washala waphwanyika pang'ono n'kulimba. Paipi kumchira ndi yomasulira basi. Ikadontha musamangitse, sinthani washala.

Mayi a geni ya chitowe
Alamu a ku Ngabu, oyilo wakudayo musataye. Ndikufuna ndipake nsanamira za khola, chiswe chandivutitsa.

Aphunzitsi a ku Livunzu
Nsanamira zokha mayi. Ndaonapo anthu akupaka ng'ombe pa zilonda ndi pa nkhupakupa, amenewo ndi poizoni, muli zitsulo ndi zotsalira za petulo. Ndipo wotsala asathiridwe pansi pafupi ndi mjigo kapena dimba, madzi kuno ali pafupi kwambiri ndi nthaka.

Mayi a geni ya chitowe
Aphunzitsi ng'ombe zanga zimapita ku dibi, musandinyoze pagulu.

Wa Land Rover ku Ngabu
Akuluakulu pepani ndinasowa, tinali ndi zovuta kumudzi. Nkhani ili apa. Sampu inatsika, mabawuti a m'mphepete anakwana ndi sipanala ya 1/2 inchi imene ndinaipeza m'bokosi la atsibweni pansi pa mpando, ndiye madala munawina. Pansi pa sampu panali matope ofika chala chimodzi, sefa ya pampu yotsekeka theka. Ndinakwera nayo minibasi mpaka ku Bangula, kondakitala anandilipiritsa ngati munthu. Bowo linali lalikulu, ndiye tinaika M14 x 1.5. Choko chinada mbali imodzi poyamba, anabwerezapo, kachiwiri chinakhala choyera. Gasiketi ndadula ya cork. Fyuluta ya oyilo ndi ija ya pepala yolowa m'chitini, ndasintha pamodzi ndi kamphira kake. Kapampu ka petulo ndatsegula, kachikopa kanalidi kong'ambika, ndaikamo kena.

Madala a pa Nchalo
Musanailize chotsani mapulagi onse anayi, thirani timadontho ta oyilo m'masilinda, muizungulitse kaye ndi handulo ya kutsogolo muone ngati ikuyenda momasuka. Kenako ndi sitata, mapulagi ali kunja, mpaka nyali ya oyilo izime. Ndipo poika batire muonetsetse waya amene akupita ku chassis. Za chaka chimenecho zinkatuluka ndi positive ku chassis, negative earth inabwera mu 1967. Ambiri anazitembenuza, koma onani kaye, makamaka ngati ikadali ndi dynamo.

Wa Land Rover ku Ngabu
Inatembenuzidwa kale madala, ili ndi alternator. Ndachita monga mwanenera. Nyali inazima, ndabwezera mapulagi, yalira itatsokomola kwambiri, utsi mudzi wonse. Ndinaika katoni pansi usiku, m'mawa ndapeza pa sampu pouma. Kadontho kali kumbuyo cha ku gearbox.

Makaniko wa pa Dyeratu
Kameneko ndi ka Land Rover iliyonse, musadandaule nako panopa. Oyilo mwathirayu musamusunge nthawi yaitali. Yendani naye pang'ono, mwina sabata ziwiri, mukhuthule akadali wotentha pamodzi ndi fyuluta, chifukwa m'tinjira ta m'kati mukadali chinyezi. Ndipo madzi amene analowa m'sampu analowanso m'ma diff, gearbox ndi transfer box. Musapite nayo kumunda musanakhuthule zimenezo. Muyambe kumasula bawuti yothirira musanamasule yotulutsira, kuopa kukhuthula kenako n'kupeza pothirira pakana.

Wa Land Rover ku Ngabu
Ndayang'ana kale achimwene. Ya diff ya kumbuyo ndi yachikasu, ili ndi mpata ngati wa sikuludiraiva yaikulu, ndipo mpatawo wina anaukutumula kale mbali imodzi.

Madala a pa Nchalo
Imeneyo ndiye ya brass ija. Musaikhudze ndi sikuludiraiva. Pezani kachitsulo kathyathyathya kodzaza mpata wonsewo, mukapale kuti kalowe mothina, mukagwire ndi sipanala. Tumizani chithunzi tione mmene yathera.

Admin
Ya diff muyambitse nkhani yake payokha, ino yatalika anthu akuvutika kupeza za sampu.

Mayi a geni ya chitowe
Ndipo chigubu changa cha oyilo ndichipeza Loweruka pa msika, musaiwale.